Kodi Mumadziwa? Buku Lakale Limakhalabe ndi Mwini Wake

Kodi mumadziwa kuti buku lofotokoza kakonzedwe ka makina limakhalabe ndi mwini wake ngakhale makinawo atasiya kupangidwa? Mu 2012, kampani ya Toshiba inalamula munthu wina wa ku Australia kuti achotse pa intaneti mabuku okonzera malaputopu a kampaniyo, omwe ankawagawa ulere. Anachotsadi, poti lamulo linali kumbali ya kampani. Komatu amene anagwira njakata ndi amisiri okonza makompyuta, osati akuba.

Komabe ku America, magazini ndi mabuku osindikizidwa m'dzikolo chisanafike chaka cha 1964, omwe eni ake sanakalembetsenso umwini patatha zaka 28, aliyense angathe kuwagawa. Choncho musanaike buku lakale pa intaneti, yambani mwafufuza chaka komanso dziko limene linasindikizidwira.