Chitsamba chosaopa nthaka ya mchere

Alimi anzanga, inu a ku Chikwawa ndi Nsanje mukuidziwa minda ija imayera ngati yawazidwa phulusa m'chilimwe. Umenewo ndi mchere, ndipo chimanga pamenepo chimangopinimbira. Sabata ino ndikufuna ndikuuzeni za chitsamba china cha ku Australia chimene chimakula bwino pa nthaka yotere.

Eni dziko amachitcha old man saltbush, pomwe akatswiri a zomera amati Atriplex nummularia, dzina limene anapereka John Lindley m'chaka cha 1848. Chili pachibale ndi bonongwe wathuyu. Kwawo ndi kumadera ouma a m'kati mwa dzikolo. Chimatalika mpaka mamita 3, ndipo masamba ake ndi otuwa.

Nanga mcherewo suchipha bwanji? Pa tsamba lililonse pali timatumba ting'onoting'ono. Mchere umene mizu yayamwa pamodzi ndi madzi umakasungidwa m'menemo. Timatumbato tikadzaza timaphulika, mchere n'kutsalira pamwamba pa tsamba, ndipo kutuwa kwakeko kumachepetsa ukali wa dzuwa. Mizu yake imapita pansi kwambiri, n'chifukwa chake masamba sayoyoka ngakhale mvula itavuta.

Kawirikawiri maluwa aamuna amakhala pa chitsamba china, aakazi pa chinanso, monga achitira mapapaya. Mungu umauluka ndi mphepo. Njere zimakutidwa ndi makoko a mchere amene amaziletsa kumera mpaka mvula itawatsuka.

Alimi a ku Karoo, ku South Africa, amachibzala kuti nkhosa ndi mbuzi zizidya msipu ukauma, poti masamba ake ali ndi zomanga thupi zambiri. Koma pali chenjezo. Mchere umachuluka m'masambamo, choncho ziweto zimafuna madzi abwino ambiri, komanso udzu kapena mapesi. Zikamadya chitsambachi chokha sizinenepa. Ndiponso ku South Africa komweko malamulo amachiwerengera m'gulu la zomera zachilendo zofalikira m'tchire. Sichikondanso malo amene madzi amakhalitsa, pomwe ku chigwa cha Shire madzi amasefukira kawirikawiri.

Malangizo anga ndi akuti musathamangire mbewu yochokera kunja popanda chilolezo. Ngati munda wanu ukuyera, pitani kwa alangizi a zaulimi kuti nthaka iyezedwe kaye. Paja safunsa anadya phula.