Singano ndi zigamba zinandibwezera tulo

Mukadandiuza kale kuti ine, mwamuna wandevu zanga, ndidzakhala pamkeka ndi singano m'manja kusoka tizithunzi ta zigamba, ndikadakufunsani kuti mwamwa chiyani. Koma lero ndi zomwe ndimachita madzulo, ndipo manyazi ndilibe.

Ndiyambire poyambira. Nditasiya yunivesite m'chaka chachiwiri ndalama ya fizi itasowa, ndinalowa geni monga anzanga ambiri. Ndinkaoda zitenje ku Chipata, kudutsa nazo pa Mwami, n'kudzagulitsa ku Lilongwe. Zinkayendako ndithu mpaka mu Novembala 2023, pomwe kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mpamba unasungunuka ngati mchere m'madzi, ngongole ya katapila ili chilili. Inu a geni mukudziwa zomwe ndikunena: umagona thupi lokha, mutu uli kuwonkhetsa ndi kuchotsera mpaka atambala kulira.

Ndinathawira kwa azakhali anga cha ku Kamwendo, m'boma la Mchinji, ati kukapumako. Usiku wachitatu anandipeza ndili ndwii pakhonde, mudzi wonse uli mtulo.

"Mwana wa achimwene, ukudikira ndani usiku uno?"

Ndinati palibe. Sananene kanthu. Kutacha anakhuthula pamkeka thumba la zigamba zomwe amatola kwa atelala a pamsika, nandipatsa singano.

"Soka chomwe chikukusowetsa tulocho."

"Azakhali, nkhani yanga ndi ya ndalama, si ya nsanza ayi."

"Ndiye soka ndalamazo tizione."

Azakhaliwa anaphunzira kupeta ku gulu la amayi a kutchalitchi ali mtsikana, koma zosoka nkhani anangoziyamba okha amuna awo atamwalira. Kachitidwe kake n'kosavuta. Umatenga kansalu kopanda maluwa, kukula kwake ngati tsamba la kope. Umajambula ndi pensulo zomwe ukufuna, n'kudula zigamba ndi sizasi: chobiriwira chikhale phiri, chofiirira chikhale msewu, chamaluwa chikhale chitenje cha mayi. Kenaka umapinda m'mphepete mwa chigamba ndi chala, n'kumasoka timisoko ting'onoting'ono kuti ulusi usaonekere. Maso, mphuno ndi zala umapeta pomaliza ndi ulusi wakuda. Chithunzi chimodzi chimadya madzulo a sabata yathunthu.

M'sutikesi mwawo muli mbiri yonse ya banja lathu. Muli amayi akukumba mtedza, muli sitima yoyamba yomwe anaiona njanji itafika ku Mchinji mu 1980, muli ngolo itanyamula bokosi la amuna awo. Sanagulitsepo n'chimodzi chomwe.

Tsiku loyamba ndinadzibaya kasanu. Apa m'pomwe ndinatulukira chinsinsi chake: singano silola mtima iwiri. Ukangoyamba kuganiza za mwini ngongole, imakukumbutsa pachala. Ndiye umakakamizika kuyang'ana msoko umodzi wokha, kenaka wina, kenaka wina. Posakhalitsa umangoona kuti mapewa atsika, mpweya ukutuluka bwino, ola latha osakhudza foni. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri n'chakuti vuto likakhala m'mutu lilibe malire, limadzadza nyumba yonse. Koma pansalu liyenera kukwana pa tsamba la kope basi. Uyenera kusankha: ndiike chiyani, ndisiye chiyani? Ine ndinasoka munthu ataima pamalire a dziko, chikwama chopanda kanthu m'manja, malole atandandalika kumbuyo kwake. Nditamaliza ndinakaonetsa azakhali monyadira. Anachiyang'anitsitsa, nati:

"Chakongola. Koma munthu wakoyu bwanji alibe pakamwa?"

Abale anga, ndinali nditaiwaladi kupeta pakamwa. Ndipo zinali zoona: kufikira tsiku limenelo panalibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale mayi a kunyumba, amene ndinamuuza kukula kwa ngongole yanga. Madzulo omwewo ndinawauza azakhali zonse, m'mawa mwake ndinaimbira mkazi wanga. Anakalipa, inde, koma usiku umenewo ndinagona mpaka dzuwa kulowa pazenera.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti azakhali sali okha. Ku Chile, asilikali a Augusto Pinochet atalanda boma mu 1973, anthu ambiri anagwidwa osaonekanso. Amayi a ku Santiago, mothandizidwa ndi mpingo wa Katolika, ankasonkhana n'kumasoka pa ziguduli zithunzi zotchedwa arpillera, ena pogwiritsa ntchito zidutswa za zovala za amuna ndi ana awo osowawo. Zomwe pakamwa pankaopa kunena, nsalu inanena, ndipo zithunzizo zinafika kunja kwa dziko. Kwa anansi athu ku Zimbabwe, amayi a ku Weya anayamba mu 1987, mothandizidwa ndi mmisiri wa ku Germany, Ilse Noy, kusoka zithunzi za zigamba zofotokoza moyo wa kumudzi, ndipo anapeza nazo ndalama.

Ndikudziwa kuti pofika apa wina wa mu msika wa Lilongwe wafunsa kale: "Nanga chimodzi ukuchita bwanji?" Kugulitsa si tchimo, ndipo amene angathe agulitse. Koma ife a malonda tili ndi nthenda yoika mtengo pa chilichonse, mpaka nthawi yopuma timaiona ngati kuluza. Tsiku lomwe ndidzayambe kusokera oda, ndidzayambanso kuthamanga ndi kuwerengera, ndipo tulo tidzathawanso. Munthu ayenera kukhala ndi kanthu kamodzi kosagulitsa.

Enanso akuti kusoka ndi ntchito ya amayi. Taonani m'makonde a sitolo kuyambira ku Kamwendo mpaka ku boma: ambiri opalasa makina ndi abambo. Kodi singano imasanduka yachikazi ikangochoka pa makina? Kunyada kotereku kukutipweteka. Apolisi akhala akulengeza za anthu odzipha m'dziko muno, ambiri mwa iwo amuna, ndipo ngongole imatchulidwa kawirikawiri. Ndife anthu opanda pakamwa aja.

Sindikunamizani, singano siibweza ngongole. Yanga ndinaibweza pang'onopang'ono ndi thukuta, titagwirizana ndi mkazi wanga. Ndipo amene maganizo amulemera kwambiri apite kuchipatala, asadalire zigamba. Koma kuti munthu uganize bwino uyenera kuyamba wagona, ndipo ine tulo ndinatipeza pamenepa.

Inu ophunzira amene mayeso akukudyani, ndi inu a geni amene katundu wakukanikani, pitani kwa telala wapafupi mukapemphe zigamba zomwe amasesa madzulo. Singano ndi ulusi sizifika pa mtengo wa botolo la mowa. Chithunzi choyamba chidzakhala chokhota, mbuzi idzaoneka ngati galu, koma palibe mphunzitsi adzachichonge.

Changa chija chili pakhoma kunyumba. Mkazi wanga anafuna kuti ndipetepo pakamwa, ine ndinakana. Chikhale choncho, chizindikumbutsa.