Za Mtima Wokayika pa Nyengo ya Kuoka Fodya

Mau olalikidwa pa Cilanga, Kasungu. Mlaliki 11:4.

Mau awa adzudzula munthu wocedwa kufesa cifukwa ca kupenyerera mphepo ndi mitambo. Ife a kuno ku Kasungu timdziwa munthuyu, pakuti kawiri-kawiri ndife tomwe.

Taonani makhalidwe a fodya. Timfesa pa nazale mwezi wa September, timthirira kudambo m'mawa ndi madzulo, ndipo itapita miyezi iwiri kapena itatu mbande zifika pa msinkhu wa kuoka. Pamenepo sizilindanso mwini wace. Ikagwa mvula yolowa pansi, pakutha pa November kapena m'December, masiku a kuoka akhala owerengeka. Wina alawira m'banda kuca ndi a pa banja pace, naoka. Mnzace aima pakhonde, nayesa kuti kapena ndi cizimalupsa cocedwa; afunsa mnansi, afunsa mlamu, alinda mvula yina. Dzuwa liumitsa mizere, mbande zitalika pa nazale, ndipo fodya wookedwa mocedwa sadzalemera pa sikelo ku Cinkhoma.

Sitimseka mbaleyu ai. Iwo amene anaika maliro m'njala ya 2002 ali naco cifukwa ca kuopa kutaya mbeu. Koma polinda iye ayesa kuti sanasankhe kanthu, pamene dzuwa lamsankhira kale.

Nanga woyamba uja afulumira bwanji? Sindiye kuti aposa mnzace nzeru. Mlandu wace anauweruza m'October, kusanagwe dontho: mizere anaunga, namanga mumtima kuti tsiku limene khasu lidzapeza cinyezi pansi pa mzere, adzaoka. Mvula itafika, panalibenso cofunsa.

Sitinena za zinthu zazikuru, monga ukwati, kugulitsa ng'ombe, kapena kutenga ngongole. Izo zifuna pemphero ndi uphungu wa akulu. Tinena za zimene zitipeza masiku onse. Inu aphunzitsi a m'midzi, pangani lero lomwe cimene mudzacita likaca ndi mitambo, kuti ana asakhale pabwalo osadziwa ngati sukulu ilowa. Inu amai, panganani ndi amuna anu mwana akali bwino, kuti thupi likadzatentha usiku, ndani adzambereka kunka naye ku cipatala, ndi njinga mudzabwereka kwa yani.