Madzi Amene Amabisa Matenda a Impso

Anzanga, tonse tinaphunzira m'kalasi kuti impso ndizo zimasefa magazi ndi kutaya zonyansa kudzera mu mkodzo. Mwana akadwala kwambiri, monga ndi malungo aakulu, kutsegula m'mimba kapena tizilombo tolowa m'magazi, impso zake zimatha kufooka mwadzidzidzi. Kafukufuku wotchedwa AWARE, wofalitsidwa mu 2017, anapeza kuti mwa ana ndi achinyamata 4,683 ogonekedwa m'zipinda za odwala mwakayakaya, oposa mmodzi mwa anayi alionse anavulala impso.

Kodi dokotala amadziwa bwanji? Amayesa m'magazi kanthu kotchedwa creatinine, kamene minofu imapanga tsiku ndi tsiku ndipo impso zimataya. Impso zikafooka, kanthuka kamachuluka. Malamulo a bungwe la KDIGO a mu 2012 amati impso zavulala ngati creatinine wawonjezeka ndi theka la muyeso wake wakale m'masiku 7, kapena ngati mkodzo wachepa kwambiri kwa maola 6.

Tsono vuto lili apa. Mwana wodwalitsa amaikidwa madiripi, ndipo impso zikafooka madziwo amatsalira m'thupi. Aliyense wophika amadziwa kuti ndiwo zowawa mchere ukazithira madzi, mcherewo sumvekanso, koma sunachoke mumphika. Creatinine nayenso amasungunuka chotero, ndipo muyeso umaoneka wabwino pamene impso zikudwala.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mwana wa makilogalamu 10 ali ndi madzi pafupifupi malita 6 m'thupi. Tinene kuti madzi olowa aposa otuluka ndi lita imodzi ndi theka. Madzi a m'thupi mwake awonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Creatinine wake wakale anali 0.3, ndipo lero makina akuonetsa 0.4, kumene sikufika pa malire a 0.45. Koma tikachulukitsa 0.4 ndi 1.25 chifukwa cha madzi aja, tipeza 0.5. Mwanayo wapitirira malire, chikhalirecho pepala likunena kuti ali bwino.

Nchifukwa chake anamwino amalemba madzi onse olowa ndi otuluka, namayesa mwana pa sikelo tsiku lililonse. Amawerenganso mkodzo: mwana wathu uja akamakodza osakwana mamililita 5 pa ola, ndiye kuti supuni yaing'ono imodzi, pali ngozi. Dokotala akadziwa msanga amachepetsa madzi, namasiya mankhwala opweteka impso, madziwo asanadzaze m'mapapo.

Madzi ndi moyo ndithu, koma ochuluka amaphanso. Mu 2011 kafukufuku wa FEAST ku Uganda, Kenya ndi Tanzania anaonetsa kuti ana otentha thupi kwambiri amene anapatsidwa madzi ambiri mofulumira anamwalira ochuluka kuposa anzawo. Inu amene mufuna unamwino kapena udokotala, musanyoze masamu a tizigawo, pakuti kuchipatala moyo wa mwana umadalira pa iwo.