Mkonono wodukiza: matenda obisala m'tulo kwa Kapichi

Amayi ambiri a m'dera la mfumu yaikulu Kapichi, m'boma la Thyolo, amaudziwa bwino mkonono wa amuna awo, ndipo amazindikira pamene wasiya kukhala mkonono wamba. Bambo akuliza, akuliza, kenako zii. Chifuwa chikukoka koma mpweya sukulowa. Mayi akawagwedeza amadzidzimuka ngati munthu wovuuka m'madzi, n'kugonanso. Kukacha sakumbukira kalikonse. Amangodandaula mutu, kukhosi kouma ndi thupi lolefuka.

Kumudzi ena amati afiti awakwera usiku. Ku esiteti, kapitawo akaona wothyola tiyi akusinza dzuwa lisanakwere n'komwe, amaganiza za ulesi kapena mowa wadzulo. Achipatala amawatcha matendawa sleep apnea, kubanika m'tulo.

Munthu akagona minofu ya kukhosi imalefuka. Kwa ena, makamaka onenepa, a khosi lalikulu ndi amene chibwano chawo chinalowa m'kati, lilime limagwera kumbuyo n'kutseka njira ya mpweya kwa masekondi 10 kapena kuposerapo. Mpweya wabwino ukachepa m'magazi, ubongo umamudzutsa pang'ono kuti apume. Zikamachitika ka 5 pa ola, madokotala amati vuto layamba. Zikafika ka 30 pa ola, lakula. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 m'magazini ya Lancet Respiratory Medicine anayerekeza kuti anthu 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 padziko lonse ali nalo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mtima. Kubanika kulikonse kumakweza BP, ndipo pakapita zaka magazi amazolowera kuthamanga ngakhale masana. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi anali ndi BP yokwera. Ena mwa iwo amamwa mankhwala mokhulupirika koma BP osatsika, chifukwa gwero lake lili m'tulo. Mapeto ake amatha kukhala sitiroko. Palinso dalaivala wa lole yonyamula tiyi kapena wa minibasi pa msewu wa Thyolo kupita ku Limbe, amene akangosinza pa Bvumbwe amatenga miyoyo ya ena.

Chithandizo chimayamba ndi funso losafuna ndalama. Woyeza BP ku Khonjeni, pa chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Malamulo afunse ngati wodwalayo amaliza mkonono wodukiza ndiponso ngati amasinza masana. Wodwala mwiniwake sangayankhe bwino poti amakhala ali m'tulo, choncho abwere ndi amene amagona naye. Pamene pali foni, kujambula mawu ake usiku kumathandiza dokotala.

Zina munthu angayambe usiku womwewu. Kugona chagada ndiko kumakulitsa vutoli, ndipo ambiri amapezako bwino akamagona chammbali. Kusokerera kampira kapena chitsononkho kumsana kwa malaya ogonera kumamuletsa munthu kutembenuka. Kachasu ndi masese a madzulo amalefula khosi kwambiri, chimodzimodzi mapiritsi ogonetsa, ndipo fodya amatupitsa njira ya mpweya. Wonenepa akachepetsa thupi, kubanika kumachepanso. Izi sizichiritsa aliyense, koma kwa amene matenda sanakule zimasintha zinthu.

Ana ali ndi mwayi woposa. Mwana wogona kukamwa kuli yasa, wokodza pogona, wosakhazikika m'kalasi, nthawi zambiri amakhala ndi ma tonsils otupa, ndipo opaleshoni yowachotsa imathetsa vutoli mwa ambiri. Ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuli nthambi yoona za makutu, mphuno ndi khosi. Kumeneko amafika ndi kalata yochokera ku chipatala cha boma.

Wamkulu amene matenda afika poipa amafunika makina a CPAP, amene Colin Sullivan wa ku Sydney anawafotokoza koyamba mu 1981. Amapopera mpweya pang'onopang'ono kudzera m'chophimba pamphuno kuti khosi lisatsekeke. Amagwira ntchito bwino zedi, koma amafuna magetsi usiku wonse, usiku uliwonse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse zinkaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi zinali zochepa kuposa pamenepo. Mtengo wa makinawa malipiro a wothyola tiyi sangaufike.

Komabe dziko lino linathanapo ndi vuto lofanana. Mu 2012, ku Gulupu komweko, madokotala pamodzi ndi akatswiri a ku Rice University ya ku America anayesa Pumani, CPAP yotsika mtengo ya makanda obadwa osakwana masiku, yopangidwa ndi timapampu ta m'mabokosi owetera nsomba. Inafalikira m'zipatala za maboma. Pumani sangathandize wamkulu, koma luso lomwelo lingathe kupanga makina oyendera batire ya sola. Podikira zimenezo, maesiteti ali ndi zipatala zawo ndiponso magetsi. Angathe kuyamba ndi kuyeza madalaivala awo ndi oyendetsa makina m'fakitale, n'kugulira CPAP amene apezeka ndi vuto lalikulu.