MADZI OIPA A PA BOMA AMATHERA MU MTSINJE WA ANTHU AKUMUDZI

Mvula yoyamba ikagwa pa boma la Petauke ndi la Nyimba, madzi amakokolola zonse zimene apeza pa msika, kuseri kwa nyumba zogona alendo ndi m'zimbudzi zosefukira, natsikira nazo ku timitsinje. Mitsinje yambiri ya maboma awiriwa, monga Msanzala ndi Nyimba, imathira mu Luangwa. M'mbali mwace muli midzi, ndipo mai wotunga madzi kumunsi sadziwa cimene cinalowa kumtunda.

Mabanja ambiri pa maboma amenewa alibe mipope yotenga zonyansa. Ali ndi zimbudzi zokumba, kapena nkhuti zasimenti zokwiririka pansi. Nkhuti yotere ikadzala iyenera kupopedwa. Wopopayo akakataya zonyansazo m'thengo kapena m'khwawa, matenda angosamuka kucoka pa boma kunka kumudzi, kumene cipatala ciri kutali.

Njira imene mizinda ya m'Zambia imadalira kwambiri ndiyo ya maiwe, onga aja a ku Chipata ndi a ku Kaunda Square mu Lusaka. Sifuna makina ambiri. Madzi oipa amayamba kulowa m'dziwe lakuya, m'mene zolemera zimakhazikika pansi ndi kuola. Kucokera apo amapita m'dziwe lalikulu losazama. Umo ndere zimapatsa madzi mpweya, ndipo tizirombo tosaoneka ndi maso timadya zonyansa zotsala. M'maiwe otsiriza, amene ali osaya koposa, dzuwa limapha tizirombo ta kolera, kamwazi ndi taifodi, mazira a njoka zam'mimba atatsalira kale m'matope. Ulendo wonsewu umatenga masabata angapo, ndipo pamenepo mpomwe madzi aloledwa kulowa mu mtsinje.

Koma dziwe losasamalidwa liri ngati nkhokwe yodontha. Matope akacuruka ndi udzu ukamera, madzi amangodutsa msanga asanayere, udzudzu nuswana momwemo.

Nchito ya madzi ndi zimbudzi m'matauni a Cigawo ca Kum'mawa iri m'manja mwa kampani ya Eastern Water and Sanitation Company. Woiyang'anira ndi bungwe la NWASCO, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1997. Bungwe la ZEMA, lobadwa ndi lamulo la 2011, ndilo limapereka cilolezo cothira madzi otsukidwa mu mtsinje, ndipo liri ndi mphamvu yozenga mlandu woipitsa madzi.

Dziko linaona kuopsa kwa nkhaniyi pamene kolera inabuka mu Lusaka mu October caka ca 2023 nifalikira ku zigawo zonse khumi. Anthu oposa 700 anamwalira, ndipo mu January 2024 masukulu anacedwa kutsegulidwa.

Kwa anthu a Mfumu Kalindawalo ndi a Mfumu Ndake, nyengo ya cilimwe nayonso njoopsa. Mtsinje ukaphwa, madzi otsala m'micera amakhala ocepa, ndipo zoipa zimene zalowamo sizisungunuka. A zaumoyo amalangiza kuti cimbudzi cikumbidwe kumunsi kwa citsime, pa mtunda wosacepera mamita 30, ndi kuti madzi a mu mtsinje aphitsidwe kapena athiridwe klorini, ngakhale aoneke oyera ngati a pa mpope.