Mwana, Kompyuta ndi Lamulo

Okonda makompyuta amati mwana aziphunzira kulamula makinaŵa, osati kungoŵayang'ana. Bungwe la mHub, limene Mai Rachel Sibande adakhazikitsa ku Lilongwe mu 2013, laphunzitsa ana luso limeneli. Ifenso tivomereza, pakuti pulogalamu ya kompyuta ndi malangizo osanjidwa mwadongosolo. Ngakhale pa sukulu yopanda magetsi ku Tsangano m'boma la Ntcheu, ana angathe kulemba pa bolodi ndondomeko yobzalira kachewere, mnzawo nkumaitsata ngati makina. Pamene pasokonekera, akonze okha.

Komatu luso lopanda mwambo limapweteka. Lamulo la 2016 lokhudza intaneti limalanga wozunza kapena kuopseza mnzake kudzera pa makinaŵa. Chotero, aphunzitsi anzathu a maŵa, tizoloŵeze mwana kudzifunsa asanatumize uthenga: kodi mau aŵa ndingaŵanene pamaso pa mwiniwake?